PHALA LA ANA ATHU: TIONETSENI MNDANDANDA

Achinyamata anzathu, ife m'tauni tikulira mafuta ndi mitengo ya zinthu, koma ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka funso la m'mawa uliwonse ndi lakuti mwana apita kusukulu atadya chiyani.

Phala la kusukulu linayambira ku Dedza komweko mu 1999 ndi thandizo la WFP. Mary's Meals inayamba mu 2002, ndipo lero imadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno. Koma mpaka pano gawo lalikulu la ndalama za phalali limachokera kwa mabungwe akunja, za mu bajeti ya boma n'zochepa. N'chifukwa chake sukulu ina ana amanyamula makapu, pomwe sukulu yoyandikana nayo moto sanausonkhepo n'kamodzi komwe.

Amati posankha sukulu amayang'ana njala, umphawi ndi kuchuluka kwa ana osiya sukulu. Chabwino. Ndiye atiwonetse mndandandawo basi. Kholo lidziwe chifukwa chake sukulu ya mwana wake inadumphidwa.

China n'ichi: sikimu ya Bwanje ili ndi mahekitala 800 othirira, mpunga umatuluka chaka ndi chaka, mavenda n'kumaugula motchipa. Njira yopereka ndalama kusukulu kuti igule chakudya kwa magulu a alimi apafupi inayesedwa kale ku Dedza, Salima ndi Mangochi. Mwana amadya, mlimi amapeza msika, ndalama imazungulira m'dera momwemo. Nanga boma likudikira chiyani kuti liikepo ndalama zake?

*Tikufuna:*
1. Khonsolo ya Dedza imate poyera mayina a sukulu zolandira phala ndi zomwe zinasiyidwa, komanso mfundo zosankhira.
2. Sukulu iliyonse ilembe pabolodi matumba kapena ndalama zomwe yalandira teremu ino.
3. Nyumba ya Malamulo iwonjezere ndalama za phala mu bajeti, ndipo chakudyacho chizigulidwa kwa alimi a m'deralo.

Sitikupempha chifundo ayi. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma likugwira ntchito kuyambira 2020. Sabata ino imbirani foni kumudzi, mufunse ngati sukulu yakwanu ikuphika. Kenako mufunse khansala ndi phungu wanu, polemba kalata, ndipo musunge kope lake.

Tumizani uthengawu m'magulu onse.