Mchira wa ndege ukakhula pansi, choopsa ndi chigamba

Pa 2 June 1978, ndege ya Boeing 747 ya kampani ya Japan Airlines inakhula mchira pansi pamene inkatera pabwalo la Itami ku Osaka. Palibe amene anamwalira. Ndegeyo inakonzedwa n'kubwerera pantchito. Patatha zaka 7, pa 12 August 1985, ndege yomweyo inagwa m'mapiri a m'chigawo cha Gunma, ndipo mwa anthu 524 amene anakwera, 520 anafa. Ofufuza atalondola gwero la ngoziyo, anakafika pa ntchito yokonza ija ya 1978.

Kukhula mchira si chinthu chachilendo pa maulendo a pandege, ndipo nthawi zambiri anthu onse amatsika bwinobwino. Ife tikuona kuti apa ndi pamene pali msampha, chifukwa ngozi yopanda maliro anthu amaiwala msanga.

Ndege yaikulu imatera ndi matayala apakati, mphuno ili m'mwamba pang'ono. Kutatsala pang'ono kugunda pansi, woyendetsa amakweza mphunoyo kuti ndege isatsike mwamphamvu. Koma ndege ili ngati thabwa lokhazikidwa pamwala: kutsogolo kukakwera, kumbuyo kumatsika. Pa ndege zazitali ngati Airbus A321, mphuno ikakwera madigiri pafupifupi 10 matayala atakhazikika pansi, mchira umakhudza msewu. Mpata wake ndi wochepa choncho.

Chimene chimakweza mphuno mopitirira nthawi zambiri ndi liwiro lochepa. Ndege ikamabwera pang'onopang'ono kuposa muyezo, mapiko sanyamula mokwanira, imayamba kutsika msanga, ndipo dzanja la woyendetsa limathamangira kukoka. Mphepo yosintha mwadzidzidzi pafupi ndi nthaka imachitanso zomwezo. Nthawi zina ndege imagunda n'kudumpha, ndiye pofuna kufewetsa kugunda kwachiwiri woyendetsa amakokanso. Palinso kuitsekereza ndege m'mwamba pofuna kuti itere mwakachetechete, okwera asamve kanthu. Liwiro limatha, mphuno imakwerabe, mchira n'kukhula. Ife okwera timakonda kutamanda woyendetsa wotera mofewa, ena mpaka kuwomba m'manja, koma kutera kolimba pang'ono pamalo oyenera n'kwabwino kuposa kutera kofewa kosakasaka.

Vuto la mbali ya kumchira ndi ili. Kumwamba kumene ndegezi zimauluka, makilomita 10 kapena kuposa, mpweya ndi wochepa moti munthu sangakhale maso nthawi yaitali. Choncho m'ndege amapoperamo mpweya kuti mukhale ngati pa phiri losapitirira mamita 2,400. Chakumbuyo kuli khoma lachitsulo looneka ngati mbale, lomwe limatsekera mpweyawo. Ulendo uliwonse thupi la ndege limafufuma ikakwera n'kuphwa ikatsika. Aliyense amene anathyolapo waya poupinda uku ndi uku akudziwa zimene zimachitikira chitsulo chotere: chikakhala ndi kabala, mng'alu umayambira pomwepo n'kumakula pang'onopang'ono.

Pa ndege ya ku Japan ija, khomali linawonongeka ndipo akatswiri a Boeing ndi amene analikonza. Malangizo ankafuna chitsulo chimodzi cholumikizira, koma iwo anaika zidutswa ziwiri, moti mbali ina inagwiridwa ndi mzere umodzi wa misomali m'malo mwa iwiri. Ndegeyo inayenda maulendo oposa 12,000 ming'alu ikukula. Tsiku la ngozi, patangotha mphindi 12 inyamukire ku Haneda mumzinda wa Tokyo, khomalo linaphulika. Mpweya unathothola gawo lalikulu la chipsepse choimirira cha kumchira n'kudula mapaipi onse anayi a mafuta oyendetsera ziwongolero. Oyendetsa analimbana nayo kwa mphindi zina pafupifupi 32 pogwiritsa ntchito mphamvu ya injini. Sanavale zopumira mpweya wa okosijeni, ndipo ofufuza anaona kuti kuperewera kwa mpweyawo kuyenera kuti kunachedwetsa maganizo awo. Azaumoyo tikudziwa khalidwe la vutoli: ubongo ukaperewera okosijeni, mwini wake sazindikira kuti wayamba kusokonezeka.

Nkhani ya China Airlines ndi yowawa mwina kuposa, chifukwa inapatsa anthu nthawi yaitali yoti aone. Boeing 747 yawo inakhula mchira potera ku Hong Kong pa 7 February 1980. M'malo mochotsa chitsulo chokandikacho monga malangizo ankanenera, okonza anangophimba ndi chigamba pamwamba, monga kusoka bala lisanatsukidwe. Pa 25 May 2002, patatha zaka 22, ndegeyo inasweka ili m'mwamba pafupi ndi zilumba za Penghu, paulendo wochokera ku Taipei kupita ku Hong Kong. Anthu onse 225 anafa. Zithunzi zojambulidwa miyezi ingapo ngoziyi isanachitike zinkaonetsa madontho abulauni m'mbali mwa chigambacho. Unali utsi wa fodya wa zaka zimene anthu ankasuta m'ndege, womwe unkatulukira m'ming'alu. Chizindikiro chinalipo, koma palibe anachiwerenga.

Ena anganene kuti izi ndi zakale, ndipo n'zoona kuti zinthu zasintha. Ndege zina zazitali zili ndi kachitsulo kotetezera kunsi kwa mchira, zina makompyuta ake amachenjeza kapena kuchepetsa kukwera kwa mphuno, ndipo malamulo oyendera zigamba zakale anakhwimitsidwa. Koma makina sasaina chikalata choti ndege yachira. Amasaina ndi munthu, nthawi zambiri ali ndi bwana amene akuwerenga ndalama zotayika tsiku lililonse ndege ili pansi. Ndiye maganizo athu ndi akuti ndege iliyonse yokhula mchira iimitsidwe mpaka iunikidwe mkati ndi kunja, wokonza asakhale yemweyo woyendera ntchitoyo, ndipo mbiri ya chigamba chilichonse iziyenda ndi ndegeyo ngakhale itagulitsidwa kudziko lina. Mfundo yomalizayi ikutikhudza, popeza makampani ambiri a mu Africa muno amagula kapena kubwereka ndege zimene zinagwirapo ntchito kwina. Woyendetsa wonena yekha kuti wakhula mchira asalangidwenso ngati wakuba, chifukwa mnzake adzaphunzira kubisa.

Inu okwera muli ndi gawo lanu, ngakhale laling'ono. Ndege ikatsala pang'ono kutera kenako n'kukweranso, musaganize kuti woyendetsa walephera. Wakana kutera koipa kuti ayambirenso. Lamba akhale womanga mpaka ndege itaima, wa mwana yemwe. Ndipo ngati mwakhala mipando yakumbuyo n'kumva kugunda kapena kukhula pansi panu, uzani ogwira ntchito m'ndegemo musanatsike. Oyendetsa amakhala kutsogolo, mamita ambiri kuchokera kumchira, ndipo nthawi zina samva n'komwe.