Miyezi yofiira ya thumba la masheya

Mwezi uliwonse ukatha, kampani ina ya mumzinda wa Edinburgh ku Scotland imatulutsa kalipoti kakafupi kouza eni ake momwe ndalama zawo zayendera. Dzina lake ndi Aberforth Smaller Companies Trust ndipo idayamba mu Disembala 1990. Kampaniyi ilibe fakitale, siigulitsa sopo kapena feteleza. Idasonkhanitsa ndalama kwa anthu n'kugula masheya m'makampani ang'onoang'ono pafupifupi 80 a pamsika wa masheya wa ku London, ndipo nayonso masheya ake amagulitsidwa pamsika womwewo. Pachingerezi amati investment trust. Ine ndizingoti thumba la masheya.

Musadabwe kuti mphunzitsi wa masamu wa pasekondale yoyendera kumudzi watani nazo za ku Scotland. Nkhani ya masheya idafika kale m'chipinda chathu cha aphunzitsi. Malipiro akalowa, ena amakamba za banki mkhonde, ena za SACCO, koma tsopano alipo anzathu omwe amathamangira pafoni kukaona ngati sheya yakwera. Funso lawo ndi limodzi: mwezi uno zapindula zingati? Malipoti a matumba ngati la ku Edinburgh amasonyeza bwino kuti funso limeneli silifikitsa munthu patali.

Choyamba chomwe chimasokoneza wowerenga n'chakuti pa lipotilo pamakhala manambala awiri a mwezi womwewo, ndipo sagwirizana. Nambala yoyamba ndi mtengo wa katundu wa m'thumba. Amawerengera masheya onse omwe thumbalo lili nawo pamitengo ya tsikulo, kuchotsapo ngongole, n'kugawa chotsalacho ndi chiwerengero cha masheya a thumbalo. Nambala yachiwiri ndi mtengo womwe anthu akugulira sheya ya thumbalo pamsika. Tinene kuti katundu wa m'thumba akukwana K100 pa sheya imodzi, koma pamsika sheyayo ikupita pa K88. Ndiye kuti pali mpata wa 12 peresenti. Matumba a makampani ang'onoang'ono a ku Britain akhala zaka zambiri akugulitsidwa motsika chonchi.

Tsono onani chomwe mpatawu umachita. Mwezi wotsatira katundu uja akwere kufika K102, koma ogula achite mphwayi, sheya itsike kufika K85. Oyendetsa thumba alemba kuti apindula 2 peresenti, ndipo sakunama. Inu mwini sheya mwaluza ndalama yoposa 3 peresenti, nanunso simukunama. Mwezi wina zitembenuka: katundu osasuntha, koma sheya n'kukwera chifukwa choti mpata wachepa, inu n'kumatamanda oyendetsa thumba pa ntchito yomwe sadagwire.

Chachiwiri ndi khalidwe la makampani ang'onoang'onowo. Mawu oti "ang'onoang'ono" asakupusitseni. Ena ndi omanga nyumba, ena oyendetsa mabasi, ena osindikiza nyuzipepala, ndipo ali ndi antchito zikwizikwi. Amatchedwa aang'ono poyerekeza ndi zimphona ngati Shell kapena HSBC. Muyeso womwe thumba la Aberforth limadziyerekeza nawo umasanja makampani a pamsika waukulu wa ku London kuyambira pansi, n'kutenga onse omwe pamodzi amakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa msika wonse. Vuto la makampani a pansiwa ndi lakuti masheya awo sagulidwa kawirikawiri. Aliyense wokhala kumudzi amadziwa za msika wa mbuzi wa tsiku limodzi pasabata. Pakabwera mavenda awiri okha, ndipo bambo wina ali ndi wodwala kuchipatala, mbuzi yake ipita motchipa. Madzulo ake mudzi wonse umva kuti mbuzi zatsika mtengo, chonsecho mbuzi za m'khola mwanu n'zonenepa ngati dzulo. Lipoti la mwezi limatenga mtengo wa tsiku lomaliza la mweziwo, kaya tsikulo kudagula anthu ochuluka kapena kudali kachetechete, n'kuumata pa katundu yense.

Onjezani ngongole. Malamulo amalola matumba amtunduwu kukongola ndalama kuti agule masheya ena. Thumba la K100 likakongola K10 limakhala ndi masheya a K110. Msika ukatsika ndi 20 peresenti masheyawo amatsala a K88, koma ngongole siitsika nawo. Mukachotsa K10 ija, eni thumba atsala ndi K78. Msika wagwa ndi 20, iwo agwa ndi 22. Pokwera zimakoma chimodzimodzi. N'chifukwa chake kukula kwa ngongole kumalembedwa pa lipotilo, ngakhale ambiri amadumpha mzere umenewo.

Amene amakhulupirira nambala ya mwezi umodzi akumbukire chaka cha 2020. Mu Malichi, Covid-19 itatseketsa masitolo ndi mabala ku Britain, masheya a makampani ang'onoang'ono adagwa kuposa a zimphona, ndipo matumba ngati la Aberforth adalemba umodzi mwa miyezi yoipitsitsa m'mbiri yawo. Pa 9 Novembala chaka chomwecho kampani ya Pfizer idalengeza kuti katemera wake akugwira ntchito, ndipo masheya omwe aja adadumpha modabwitsa. Oyendetsa thumba adali anthu omwewo, njira yawo yosankhira makampani idali yomweyo. Wowerenga lipoti la Malichi yekha akadati ndi mbuli. Wowerenga la Novembala yekha akadati ndi akatswiri osayerekezeka.

Apa ndiloleni ndiime pabolodi pang'ono, poti ndi ntchito yanga. Ana a Fomu 2 ndimawafunsa kuti: ndalama ikatsika ndi 30 peresenti kenako n'kukwera ndi 30 peresenti, yabwerera pomwe idali? Manja ambiri amakwera kuti inde. Koma K100 ikatsika ndi 30 peresenti imakhala K70, ndipo 30 peresenti ya K70 ndi K21 basi. Mwafika pa K91. Kuti mubwerere pa K100 pakufunika kukwera ndi pafupifupi 43 peresenti. Choncho manambala a miyezi sawaphatikiza ngati malikisi a mayeso. Munthu akakuonetsani mwezi umodzi wokwera kwambiri, mufunseni kuti ukukwera kuchokera m'dzenje lakuya bwanji.

Mwina wina anena kuti chabwino, mwezi ndi waufupi, tiyeni tione zaka. Ngakhale zakazo zimatha kunamiza. Mu 1987 aphunzitsi awiri a ku London Business School, Elroy Dimson ndi Paul Marsh, adakonza muyeso wa makampani ang'onoang'ono uja, ndipo adawerengera chobwerera mpaka 1955. Adapeza kuti pazaka zoposa 30 makampani aang'ono adapambana msika wonse ndi pafupifupi 6 peresenti pachaka. Nkhani idamveka, anthu adakhamukirako ndi ndalama zawo, matumba atsopano adatsegulidwa. Zaka pafupifupi khumi zotsatira makampani aang'onowo adatsalira kumbuyo kwa msika ndi mlingo wonga womwewo. Aphunzitsi awiriwo sadabise, adazilemba okha mu 1999. Ngati zaka 30 zidalephera kulosera zaka khumi zotsatira, masiku 30 angalosere chiyani?

Sindikunena kuti matumbawa ndi achabechabe. Kapangidwe kake n'kanzeru, ndipo n'kakale: loyamba lidatsegulidwa ku London mu 1868 kuti munthu wa ndalama zochepa naye amwaze mpamba wake m'malo ambiri ngati munthu wolemera. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mwini sheya akafuna kutuluka amagulitsa sheya yake kwa munthu wina, ndipo katundu wa m'thumba sakhudzidwa. Pali mtundu wina wa matumba womwe wotuluka amabwezeredwa ndalama kuchokera m'thumba momwemo. Anthu akachita mantha n'kufuna kutuluka nthawi imodzi, oyendetsa amakakamizika kugulitsa mbuzi zonse pamsika wa mavenda awiri uja. N'zomwe zidachitikira thumba lotchuka la Neil Woodford, lomwe lidatsekedwa mu Juni 2019 anthu osatha kutenga ndalama zawo. Komanso malamulo a ku Britain amalola thumba ngati la Aberforth kusunga mpaka 15 peresenti ya phindu lomwe lalandira pachaka, kuti m'chaka cha njala likhale ndi chogawira eni ake. Imeneyo ndi nkhokwe, ndipo mlimi aliyense aimvetsa.

Chomwe ine ndimakonda pa malipoti amenewa ndi miyezi yofiira, ija yolembedwa ndi chizindikiro chochotsera. Imaoneka poyera, pafupi ndi nambala ya muyeso wa msika, kuti aliyense aone ngati oyendetsa thumba apambana msika kapena wawapambana. Thumba loona lomwe lili ndi masheya a makampani enieni silingathe chaka ndi chaka popanda kugwa. Bernard Madoff wa ku New York adakopa mabanki ndi anthu ophunzira kwa zaka zambiri ndi malipoti osalala, okwera pang'onopang'ono pafupifupi mwezi uliwonse, mpaka mu Disembala 2008 pomwe zidadziwika kuti amangolipira akale ndi ndalama za atsopano. Kusalala komweko ndi komwe kudachititsa akadaulo ena kumukayikira kalekale.

Kuno kwathu a Madoff ang'onoang'ono sasowa. Amabwera pa WhatsApp, nthawi zina kudzera mwa mnzathu wa kutchalitchi yemwe naye wanamizidwa, n'kulonjeza phindu lofanana mwezi ndi mwezi. Aphunzitsi ndife nyama yawo yonona chifukwa tili ndi malipiro odziwika tsiku lake komanso timapeza ngongole mosavuta. Ine munthu wotere ndimamupempha chinthu chimodzi: andionetse mwezi womwe adaluza. Akati palibe, ndimatenga choko changa n'kupita m'kalasi.

Thumba la masheya lenileni lilipo ku Malawi konkuno. National Investment Trust, yomwe ambiri amaidziwa kuti NITL, ili pamsika wa Malawi Stock Exchange kuyambira 2005. Siisankha makampani ang'onoang'ono ngati la ku Edinburgh, ili ndi masheya m'mabanki ndi m'makampani ena akuluakulu a dziko lino. Koma msika wathu wonse uli ndi makampani osafika 20, ndipo masheya ena amatha masiku osagulidwa, choncho nkhani ya mbuzi ija ikutikhudza kwambiri kuposa anzathu a ku London. Mukamawerenga zotsatira za NITL m'nyuzipepala, siyanitsani phindu lomwe lalowadi ngati ndalama kuchokera ku makampani ndi phindu lomwe labwera chifukwa choti mitengo ya masheya yakwera. Lachiwirili ndi la papepala, ndipo mitengo ikatembenuka limafufutika. Yerekezaninso mtengo wa sheya pamsika ndi mtengo wa katundu wa m'thumba pa sheya imodzi, kuti mudziwe ngati mukugula K100 pa K88 kapena pa K120.

Pali china chomwe wa ku Edinburgh sada nacho nkhawa kwambiri koma ife sitingachithawe. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mu 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Sheya yokwera ndi 2 peresenti pamwezi imaoneka yokongola pafoni, koma mukaiyika pambali pa mtengo wa thumba la feteleza mupeza kuti mwangoima pomwepo, mwinanso mwabwerera m'mbuyo. Abale athu ogwira ntchito ku Britain omwe amagula matumba a kumeneko ali ndi masamu awoawo: phindu lawo lili m'mapaundi, koma nyumba akumanga ku Lilongwe kapena ku Mzuzu ikudya makwacha.

Lipoti la mwezi ine ndimayamba kuliwerengera pansi. Ndimaona makampani khumi akuluakulu omwe ali m'thumbamo, ngongole, mpata uja, ndi ndalama yomwe oyendetsa amadula pachaka, yomwe ku Aberforth siifika 1 peresenti. Kenako ndimapita pa mzere wa zaka zisanu ndi wa zaka khumi, n'kuuyerekeza ndi muyeso wa msika. Nambala ya mweziwo, yomwe amailemba koyambirira, ndimaiona pomaliza, belu la phunziro lotsatira likamalira.