Ora lili ndi mphindi 60, osati 100

M'mapulazi a ku Banket, Trelawney ndi Mvurwi, ntchito yakhala ikuyamba ndi kulira kwa chitsulo, ndipo wosunga nthawi anali kapitawo yekha. Anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene anadzaza makomboni a kumeneko, ankangomva kuti tsiku latha. Maola amene agwira ankawerenga ndi wina. Adzukulu awo ambiri aphunzira m'masukulu amene anatsegulidwa m'nyumba zakale za eni mapulazi ndi m'mashedi a fodya, malo atagawidwa kuyambira mu 2000. Koma masamu a nthawi akuvutabe, ngakhale kwa ana amene akukonzekera mayeso a Giredi 7.

Gwero la vutoli ndi limodzi. Mwana amazolowera kubwereka 10 pochotsera, ndipo amaganiza kuti wotchi imayendanso choncho. Akafunsidwa nthawi imene yapita kuchokera 8:40 kufika 10:15, amachotsera 840 mu 1015 n'kupeza 175, kenaka n'kunena kuti ndi ora limodzi ndi mphindi 75. Mwanayo sanalakwitse kuchotsera. Iye sanauzidwe kuti pa wotchi munthu akabwereka ora, wabwereka mphindi 60.

Njira yosavuta ndiyo kuwerenga mopita kutsogolo, monga achitira wogulitsa pamsika pobweza chenji. Kuchokera 8:40 kufika 9 koloko pali mphindi 20. Kuchokera 9 kufika 10 pali ora limodzi. Zotsala ndi mphindi 15. Kuphatikiza zonse, ndi ora limodzi ndi mphindi 35. Mzere wojambulidwa pansi ndi kamtengo, wokhala ndi zizindikiro za maola, ndi wokwanira, choko sichifunika. Kuchotsera kobwereka kudze pambuyo, mwana atakhazikika pa njirayi.

Mafunso a m'mabuku amakonda kunena za sitima ndi ndege zimene ana a kupulazi sanakwerepo, pamene zitsanzo zili pakhomo. Fodya wa Virginia amatha pafupifupi sabata m'balani, ndipo moto suyenera kuzima usiku. Bambo amene wayamba kusonkha moto 9 koloko usiku n'kuweruka 5 koloko m'mawa wagwira maola angati? Mwana wothamangira kuchotsera amati anayi. Woyamba waima pa 12 koloko amapeza atatu, n'kuwonjeza asanu, kukhala asanu ndi atatu. Kusiyana kwa mayankho awiriwa ndi theka la malipiro a usiku wonse.

Chimodzimodzi ndi mankhwala. Kuchipatala akanena kuti mwana amwe pakatha maola 8 aliwonse, ndipo wayamba 6 koloko m'mawa, amwenso 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku. M'makomo ambiri amene agogo akulera ana amasiye, wowerenga maola amenewa ndi mwana wa sukulu.

Alangizi a m'madera angathe kupempha makolo kuti azifunsa funso limodzi madzulo aliwonse: mwana wanyamuka nthawi yanji, wafika kusukulu nthawi yanji, ndipo wayenda mphindi zingati. Funsolo lifunsidwe m'Chichewa ngati ndicho chiyankhulo cha pakhomo, pakuti malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 amachiwerengera pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka.