Mphasa Imadya Minofu

Anzanga, pali cizolowezi cina kwathu kuno cimene ndifuna kutsutsa. Munthu akadwala, ife timamgoneka pamphasa masabata ambiri, ndi kumletsa ngakhale kudzitengera madzi akumwa. Timati n'cifundo, koma ine nditi nthawi zina cifundo cotere cimapundula munthu.

Taonani amai amene amatsika phiri la Zomba atasenza mitolo ya nkhuni. Phirili ndi lalitali kuposa mamita 2,000, koma iwo akwera ndi kutsika masiku onse. Miyendo yao njolimba cifukwa imalimbana ndi kulemera kwa thupi ndi kwa katundu. Minofu iri monga khasu: ukaleka kulimira licita dzimbiri.

Tsono mlengalenga, m'combo cozungulira dziko lapansi, thupi liribe kulemera, ndipo miyendo ndi msana zisowa nchito. M'caka ca 1970 anthu awiri a ku Russia, Nikolayev ndi Sevastyanov, anakhala m'mwambamo masiku 18, ndipo pobwera anabvutika kuyenda. N'cifukwa cace amene amakhala m'combo ca International Space Station amacita masewera olimbitsa thupi maora awiri tsiku liri lonse.

Wina adzati, "Nanga ife za m'mwamba zitikhudza bwanji?" Zitikhudza ndithu, pakuti wogona cigonere afanana ndi munthu wa m'combo. M'caka ca 1966 ku Dallas, m'dziko la America, anyamata asanu athanzi anagonekedwa pakama masabata atatu. Atawayesanso patapita zaka 30, madokotala anapeza kuti masabata atatu aja anafoketsa mtima ndi mphamvu zao koposa zaka 30 za kukula. Ngati anyamata afoka cotero, nanga agogo athu?

Sindikuti wodwala malungo akulu kapena wothyoka mwendo adzuke akalime. Kupumula kuli ndi nthawi yace, ndipo woweruza ndi dokotala. Koma iye akalola, tisamakanize wodwala. Timkhazike tsonga, timgwire dzanja afike pakhonde, mawa afike pamtengo wa mango, mkuja pamseu. Amene apita kukazonda abale ao ku cipatala cacikuru ca Zomba afunse anamwino ngati wodwalayo angayambe kuyenda.

Ndipo ife tomwe, amene timabisala m'kalasi nthawi ya masewera, ticenjere. Loweruka likudzali tiyeni tikwere Ku Chawe ndi miyendo yathu.

Wophunzira wa Form III