Mendulo Imene Inabwezedwa Patapita Zaka 15

Anyamata a ku Chileka ndi ku Lirangwe sanaonepo chipale chofeŵa, komabe nkhani ya mwezi uno taitenga ku maiko kumene madzi amauma gwa ngati mwala, pakuti zimene zinachitika kumeneko zili ndi mbale wake kuno kwathu.

Kumeneko kuli maseŵero otchedwa biathlon. Munthu amamanga timatabwa titalititali kumapazi, nabereka mfuti kumsana, namatsetsereka pa chipalecho mtunda wautali. Akafika pamalo oikika amaima, mtima uli thithithi, nawombera tizizindikiro tisanu tokhala pa mtunda wa mamita 50, nthaŵi zina chogona, nthaŵi zina choimirira. Chipolopolo chilichonse chimene waphonya chimamuonjezera mtunda wa mamita 150, kapena mphindi yachilango. Alenje akale a kwathu akanawamvetsa maseŵero ameneŵa, chifukwa amadziŵa kuti dzanja la munthu wa phuma siligwira uta bwino.

Evgeny Ustyugov, mnyamata wa ku Krasnoyarsk m'dziko la Russia, anabadwa mu 1985. Pa mpikisano wa Olympic wa ku Vancouver mu 2010 anathamanga makilomita 15, pafupifupi mtunda wochokera ku bwalo la ndege la Chileka kufika mu mzinda wa Blantyre, ndipo pa zipolopolo 20 sanaphonye n'chimodzi chomwe. Analandira mendulo yagolide, ndipo Martin Fourcade wa ku France anakhala wachiŵiri. Mu 2014 mpikisano unachitikira kwao, ku Sochi, ndipo iye pamodzi ndi anzake atatu, Alexey Volkov, Dmitry Malyshko ndi Anton Shipulin, anapambana liŵiro lopatsirana, kuposa anyamata a ku Germany ndi masekondi 3.5 okha. Chaka chomwecho anapuma pa maseŵero, ali munthu wolemekezeka m'dziko lake.

Zobisika zinaululika mu 2016. Grigory Rodchenkov, amene anali mkulu wa nyumba yoyeza ochita maseŵero ku Moscow, anathaŵira ku America nafotokoza zimene zinkachitika ku Sochi usiku. Pakhoma la chipinda choyezera panali kauna, ndipo mabotolo a mkodzo wa oseŵera ena a ku Russia ankadutsira pamenepo, natsegulidwa mwamseri, nathiridwamo mkodzo wabwino umene unasungidwa kale. Iye mwini anakonza msanganizo wa mankhwala atatu okulitsa minofu, wosungunulira mu moŵa. Wofufuza wa ku Canada, Richard McLaren, analengeza mu Disembala 2016 kuti oseŵera oposa 1,000 anapindula ndi chinyengo cha dziko limenelo m'zaka zingapo.

Mlandu wa Ustyugov unayenda pang'onopang'ono monga nkhono. Mu 2020 bungwe loyang'anira biathlon linagamula kuti m'thupi mwake munali mankhwala a oxandrolone mu 2013. Chaka chomwecho bwalo la milandu ya maseŵero la ku Lausanne linapezanso kuti kaundula wa magazi ake sankayenda monga amayendera magazi a munthu wosathandizidwa ndi mankhwala. Iye anakana, nanena kuti magazi ake ndi otero mwachibadwa, a kumtundu. Bwalo linakana apilo yake mu 2024, ndipo mu 2025 akuluakulu a Olympic analamula kuti golide wa ku Vancouver apite kwa Fourcade, wa ku Sochi apite ku Germany.

Pamene ife tiima nthaŵi yaitali ndi pa anzake atatu aja. Chigamulo chimenechi sichinatchule iwo kuti ndi olakwa, koma mendulo zao zinapita limodzi ndi yake, pakuti liŵiro lopatsirana ndi la anthu anayi ndipo siligaŵika. Tikumbukirenso kuti kauna ka pakhoma sikanaboolewe ndi mwana wa zaka 20. Anaboola ndi anthu aakulu, ophunzira, amene anapatsidwa udindo wolondera chilungamo. Apa mpamene nkhaniyi ifika pakhomo pathu. Mphunzitsi amene amachepetsa zaka za mnyamata wandevu kuti aseŵere mpira wa ana a sukulu, ndi kholo limene limadziŵa zimenezi koma nkukhala chete chifukwa chikho chikubwera kumudzi, akuchita ntchito ya mtundu womwewo, kusiyana kwake nkwakuti alibe nyumba yoyezera. Ndipo timu ikachotsedwa mu mpikisano, amalira ndi ana khumi amene zaka zao zinali zoona.

Za mankhwala enieniwo tisaganize kuti nza ku Ulaya kokha. Anyamata athu amakonda kunyamula zitsulo ndi miyala ya simenti kuseri kwa nyumba, ndipo ife sitiona choipa pamenepo. Nzabwino kuposa kukhalira bawo tsiku lonse. Choopsa ndi mbulu wa mankhwala umene mnzake amampatsa m'manja, wopanda pepala la dokotala. Mankhwala onga oxandrolone amaononga chiŵindi, amasokoneza mafuta a m'magazi, ndipo kwa wachinyamata amene akukulabe amakhwimitsa mafupa msanga, kotero kuti wofuna kukhala chiphona amathera pa msinkhu waufupi. Tramadol, mankhwala opha ululu amene ena amamwa kuti asamve kutopa, amazoloŵereka m'thupi, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2024 ndi oletsedwa pa mpikisano. Chamba nachonso chili pa mndandanda wa zoletsedwa pa mpikisano. Lamulo lake ndi louma: chopezeka m'thupi mwa woseŵera, mlandu ndi wake, ngakhale atanena kuti anachita kupatsidwa. Mwana wa ku Lirangwe amene akulota za kuvala malaya a Flames kapena a Queens ayenera kudziŵa zimenezi asanakwere basi ya ku Blantyre, ndipo omuuza oyamba ndi makolo ake. Kuno kwathu ntchito yophunzitsa ndi kuyeza oseŵera ili m'manja mwa bungwe la Malawi Anti-Doping Organisation.

Masiku ano mabotolo a oseŵera pa Olympic amasungidwa mpaka zaka 10, kuti makina atsopano akabwera ayezedwenso. Fourcade anapuma pa maseŵero mu 2020. Pamene chigamulo cha mendulo yake chinkatuluka anali ndi zaka 37, ndipo tsiku la ku Vancouver lija anali ndi zaka 21.