Mtengo wa gemu usasiye mnzathu pakhomo

Awerengi, lero mundikhululukire, ndale ndaziika kaye pambali. Ndikufuna tikambeko za masewera a pakompyuta. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kukwinya nkhope, mukuti munthu wa ndevu zake azikamba za magemu zinthu zili chonchi pamsika? Dekhani makosana. Nkhani yake ndi ya ndalama, ya thukuta la munthu ndiponso ya chibwenzi, ndipo zitatuzi si zachibwana ayi.

Tilipo anayi amene tinadziwana ku yunivesite. Anzanga atatuwo anamaliza n'kuvala mikanjo ija, ine ndinatsikira panjira chaka chachiwiri, nkhani yake ndi ya tsiku lina. Lero mmodzi ali ku Johannesburg, wina ku Leeds, wina akuphunzitsa pa sekondale ina kumpoto, ine ndili konkuno ndi cholembera changa. Chimene chimatisonkhanitsa Loweruka usiku ndi gemu ya pa intaneti. Timasewera, timakuwa, timanenana pang'ono, kenaka timafunsana za ana ndi za maliro a kumudzi.

Mu 2024 wa ku Leeds uja anabwera ndi maganizo oti tigule Lethal Company, gemu yosewera anthu anayi imene anaipanga munthu mmodzi yekha wodzitcha Zeekerss, n'kuitulutsa mu Okotobala 2023. Iye anati, "Ndi madola 10 okha." Okha eti! Nthawi imeneyo dola imodzi inali pafupifupi K1,750 kubanki, kutanthauza K17,500 munthu mmodzi, tisanakambe za bandulo ya intaneti ndi mavuto opezera khadi yolipirira kunja. Aphunzitsi athu aja anangoti, "Achimwene, tsogolani, ine ndikupezani mwezi ukatha." Mwezi unatha, winanso unatha. Atatufe tinagula, tinasewera kawiri, kenaka gemu ija inangokhala ngati bawo yopanda njombwa.

Apa ndiye pagona mfundo yanga yoyamba. Gemu yosewera wekha ili ngati buku: wagula, wawerenga, zatha. Koma gemu yosewera gulu ili ngati bawo, siikoma popanda mnzako. Kusiyana kwake n'koti bawo amagula munthu mmodzi, mudzi wonse n'kumasewera pansi pa mtengo wa mango, pamene gemu ya pa intaneti aliyense ayenera kugula yakeyake. Tsono mtengo weniweni wa gemu yathu ija sunali madola 10, unali madola 40, kapena kuti K70,000. Ndipo woweruza ngati gulu ligule kapena ayi si wolemera wa m'gululo, koma amene thumba lake ndi lobooka. Wopanga gemu amene saganizira munthu ameneyu sataya kasitomala mmodzi, amataya anayi.

Komatu musaganize kuti ndikuti atipatse ulere. Tiyeni tione mbali inayo. Magemu amene ndikunena pano ndi opangidwa ndi timagulu ting'onoting'ono toima patokha, topanda kampani yaikulu kumbuyo. Among Us, imene inatuluka mu 2018 n'kudzatchuka mu 2020 nthawi ya Covid, anaipanga anthu atatu a Innersloth. Valheim, ya mu February 2021, inachokera kwa anthu asanu a Iron Gate ku Sweden. Anthu oterewa amatha zaka akugwira ntchito popanda malipiro, kudalira kuti tsiku lina adzagulitsa.

Nanga akagulitsa amatenga zingati? Msika waukulu wa magemu a pakompyuta ndi Steam, wa kampani ya Valve, umene unayamba mu 2003. Kuti uike gemu yako pamenepo umalipira madola 100, ndipo pa malonda alionse Valve imatengapo 30 peresenti. Ndiye kuti pa madola 40 a gulu lathu, mwini gemu amatsala ndi madola 28, misonkho isanalowepo. Ndiponso wogula ali ndi ufulu wobweza gemu pasanathe masiku 14 ngati sanaisewere maola oposa awiri. Onjezani apo kuti mu 2024 mokha pa Steam panatuluka magemu oposa 18,000. Ife timamva za amene anaphula, koma ambiri amangomira osamveka n'komwe.

Pali chinanso chimene ogulafe sitichiona. Gemu ya gulu simatha pa tsiku logulitsa. Pamafunika makompyuta olumikiza osewera, aja amati maseva, ndipo amenewa amalipiridwa mwezi ndi mwezi. Pamafunika kuthamangitsa akuba masewera, kukonza zolakwika, kuwonjezera zatsopano kuti anthu asatope. Iwe unalipira kamodzi mu 2021, koma mwini wake akulipirabe mabilu mpaka lero. Ngati ife timadandaula bwana akachedwetsa malipiro, tisadabwe kuti nayenso wopanga gemu akufuna kudya.

Nanga bwanji osangoipanga yaulere, anthu adzaze? Ena anachitadi zimenezo. Rocket League inayamba pa madola 20 mu 2015, n'kukhala yaulere mu Seputembala 2020. Fall Guys inayamba pa madola 20 mu 2020, n'kukhala yaulere mu Juni 2022. Koma taonani bwino: onsewa anachita izi atagulidwa kale ndi Epic Games, kampani ya ndalama zake. Kagulu ka anthu atatu sikangapirire zimenezo nthawi yaitali. Ndipo zaulere zambiri zili ndi mbedza m'kati. Umalowa osalipira, kenaka amayamba kukugulitsa zovala za katoni wako, mfuti yamphamvu, ndi timabokosi tija togula usakudziwa zimene zili m'katimo. Ku Belgium mu 2018 bungwe loona za juga linagamula kuti timabokosi totere m'magemu ena ndi juga basi. Ine kuli bwino undiuze mtengo pakhomo kusiyana n'kundilowetsa ulere kenaka uzindisolola m'thumba ndili m'nyumba. Ndipo gemu imene wolemera amagula chipambano ndi ndalama yasiya kukhala masewera.

Tsono chilungamo chili pati? Masamu a zachuma ndinawasiyira panjira, koma maso ndili nawo, ndipo ndaona njira zingapo zimene ena ayesa n'kuyenda bwino.

Choyamba, mtengo uwerengere gulu. A Klei, eni ake a Don't Starve Together, ukagula gemu yawo pa Steam amakupatsa ina yoti upatse mnzako. A Hazelight, pa It Takes Two ya mu 2021, analola kuti mmodzi agule, winayo alowe ulere pa chiphaso cha bwenzi. A Landfall anapereka Content Warning ulere tsiku loyamba, pa 1 Epulo 2024, anthu oposa 6 miliyoni n'kuitenga, kenaka anaiika pa madola 8, ndipo anzawo a anthu aja anagula kuti asatsalire. Peak, imene a Landfall omwewo anapanga ndi a Aggro Crab mu Juni 2025, anaiika pa madola 8 ndipo inagulidwa kuposa 1 miliyoni sabata isanathe. Kupatsa n'kuika, akuluakulu sananame. Mtengo wotsika pa gemu ya gulu si chifundo chokha, ndi nzeru ya malonda, pakuti chuma cha gemu yotere ndi anthu amene ali m'katimo. Umboni wake ndi Concord ya kampani yaikulu ya Sony: anaiika pa madola 40 mu Ogasiti 2024, anthu sanabwere, ndipo patangotha masabata awiri anaitseka n'kubweza ndalama. Zifukwa zinali zambiri, koma chitseko chodula chinali chimodzi mwa izo.

Chachiwiri, mtengo uone dziko. Steam imalola mwini gemu kuika mitengo yosiyana malinga ndi chigawo, ndipo imaperekanso malangizo ake. Mnzathu wa ku Johannesburg amalipira m'marandi, nthawi zambiri pa mtengo wotsikirapo. Koma kwacha palibe pa mndandandawo. Ife timalipira m'madola, mtengo umodzimodzi ndi munthu wa ku New York. Taganizani, mphunzitsi wa kuno kulipira zambiri kuposa mnzake wa ku Joni! Ndipo pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, magemu onse anatikwerera usiku umodzi, mwini wake osasintha kalikonse.

Ndikudziwa chimene opanga magemu amayankha. Amati ukatsitsa mtengo ku dziko losauka, anthu a m'mayiko olemera amanamiza makina kuti ali kumeneko n'kugula motchipa. Zimenezi zimachitikadi. Mu Novembala 2023 womwewo Valve inasiya kugulitsa m'ndalama za ku Argentina ndi ku Turkey chifukwa cha kusakhazikika kwake, n'kuika zigawozo pa madola, ndipo ambiri kumeneko analira ndi mitengo yatsopano. Koma kodi wakuba akalowera pawindo, yankho lake n'kukhomera ana panja? Valve imafuna kale kuti munthu alipire ndi njira ya m'dziko limene akuti akukhalamo. Ailimbitse njira imeneyo, ndipo aikeko chigawo cha mayiko a kuno kwathu. Gemu ya pa intaneti ilibe thiransipoti, ilibe nyumba yosungiramo katundu. Kugulitsa kwa mphunzitsi wathu pa madola 4 kuli bwino kuposa kusamugulitsa konse pa madola 10.

Chachitatu, chinthu chosamalizidwa chigulitsidwe ngati chosamalizidwa. Markus Persson anayamba kugulitsa Minecraft mu 2009 pa mayuro 10 isanathe, kenaka mayuro 15, ndipo itamalizidwa mu 2011 inafika pa mayuro 20. Wogula msanga analipira zochepa chifukwa anavomera kupunthwa ndi zolakwika. Chilungamo chimenecho. Kukweza mtengo si tchimo ngati wanena poyera. A Wube Software a ku Czech Republic sachita selo pa Factorio, ndipo mu Januwale 2023 anakweza kuchoka pa madola 30 kufika pa 35, atalengezeratu. Mutha kukonda kapena kudana nazo, koma palibe amene anagula lero n'kupeza mawa mnzake wagula theka la mtengo.

Chachinayi, ndikagula chikhale changa. Mu Malichi 2024 Ubisoft inazimitsa maseva a The Crew, ndipo onse amene anagula anatsala ndi chinthu chakufa. Mkwiyo wake ndi umene unabala kampeni ya Stop Killing Games ya Ross Scott, imene mu 2025 inasonkhanitsa masiginecha oposa 1 miliyoni ku European Union. Yerekezani ndi a Velan Studios: potseka Knockout City mu Juni 2023, anatulutsa njira yoti anthu aziyendetsa okha maseva pa makompyuta awo. Valheim ndi Terraria nazo zimalola osewera kudzilumikiza okha. Mwini gemu amapepukidwa mabilu, wogula satsala m'madzi. Gemu imene ingafe tsiku lililonse isagulitsidwe pa mtengo wa chinthu chokhalitsa.

Chachisanu ndikuloza eni msika. Kuyambira mu 2018, gemu ikapanga madola oposa 10 miliyoni pa Steam, gawo la Valve limatsika kufika pa 25 peresenti, ndipo ikapitirira 50 miliyoni limafika pa 20. Mwamva? Wamkulu amalipira zochepa, wamng'ono amalipira zambiri! Zili ngati kumsika wogulitsa tomato pa mbale azidula tikiti yodula kuposa mwini golosale. Epic Games Store inayamba mu 2018 ndi 12 peresenti, ndipo pa itch.io wogulitsa amasankha yekha gawo lopereka. Zotheka zilipo. Koma ogula ambiri ali pa Steam, ndiye wamng'ono alowera kuti? Tikamakalipira wopanga gemu kuti wadulitsa, tizikumbukira amene akudya pakati.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalibise. Magemu a madola 8 akamachuluka, ogula timazolowera, ndipo kagulu kamene katha zaka zisanu pa ntchito yaikulu kakaika madola 20 timati ndi akuba. Uku n'kulakwa. Makampani aakulu anakweza magemu awo kufika pa madola 70 mu 2020, ndipo Nintendo inaika Mario Kart World pa madola 80 mu 2025, anthu n'kumagulabe. Si bwino kuti ukali wathu wonse uthere pa wamng'ono. Mtengo wachilungamo si wotsikitsitsa, koma umene gulu lingakwanitse, mwini wake n'kupezapo chakudya, popanda msampha wobisika. Ndipo ife amene timakonda kukopera magemu mwakuba tidzifunse: gemu ya munthu mmodzi ya madola 10, ngati ungathe kugula koma waiba, wabera ndani?

Za aphunzitsi athu aja, mapeto ake tinasonkherana atatufe n'kuwagulira. Anathokoza, tinasewera mpaka tambala woyamba. Koma tisanatseke anandiuza pambali kuti, "Achimwene, zikomo, koma ulendo wina musadzatero. Mudzasankhe imene ndingagule ndekha."

Mawu amenewo ndiwo andilembetsa nkhaniyi. Munthu wamkulu safuna kugulidwa chifundo mwezi ndi mwezi kuti akhale pakati pa anzake. Inu opanga magemu ndi inu eni misika, poika mtengo muziwerenga mpaka munthu wachinayi.