Mausi ikafa, tisamangokhala manja lende

Anzanga, Lachitatu lapitali peliyodi yonse ya kompyuta inandithera osachita kanthu. Tinali anayi pa kompyuta imodzi, mausi n'kukana kuyenda. Wina anaigogoda pa desiki, wina n'kumaiuzira kunsi ngati akukoleza moto, koma ayi ndithu. Belu linalira tisanalembe ngakhale liwu limodzi. Ine ndimachoka kwathu kusanache, kuyenda pansi ola lathunthu, ndipo kompyuta ndimaigwira kamodzi pa sabata. Zinandiwawa.

Mawa lake mtsikana wina wa Fomu 4 anandiseka, amvekere, "Nanga kiyibodi inafanso?" Anandionetsa kuti ukadina Alt ndi Tab pamodzi umachoka pa pulogalamu ina kupita pa ina. Ctrl ndi Z imabweza zomwe wafufuta mwangozi. Ctrl ndi S imasunga ntchito yako, ndipo inu amene magetsi anakuthimirani muli pakati polemba kalata mukudziwa kufunika kwake.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti njira zachidulezi munthu ukhoza kudzipangira wekha. Pa Windows, tsiku limene mausi ili bwino, dinani batani lake lakumanja pa kachizindikiro ka Word kamene kali pa desktop, sankhani Properties, pitani pa bokosi la Shortcut key, dinani chilembo W, kenako OK. Basi. Kuyambira pamenepo Ctrl, Alt ndi W zimatsekula Word, kaya mausi ilipo kaya yadwala.

Ena mukuti zoloweza zachuluka kale, tionjezerenso mabatani? Koma zala sizichedwa kuzolowera. Nambala ya foni ya amalume munailoweza osaiwerengera ngati notsi, eti?

Chondidetsa nkhawa ine ndi china. Makompyuta athu ndi a tonse. Aliyense akayamba kuikamo zilembo zake mwamseri, lero W atsekula Word, mawa mnzako wamusintha kuti azitsekula masewera, tidzasokonezeka kuposa kale. Tili nawo kale anyamata aja amene anatulukira kuti pa makompyuta ena Ctrl, Alt ndi muvi woloza pansi zimatembenuza sikirini chadodolido. Amachita dala, n'kumaseka ana a Fomu 1 akupendeketsa mitu. Sinditchula mayina. (Zikakuchitikirani, dinani Ctrl, Alt ndi muvi woloza m'mwamba.)

Ndiye maganizo anga ndi awa. Tipemphe aphunzitsi athu a kompyuta kuti atsogolere, tigwirizane zilembo zochepa chabe, W ikhale ya Word, E ya Excel, ndipo zikhale chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse. Tizilembe pa manila ndi zilembo zikuluzikulu, pamodzi ndi Ctrl S uja, timate pakhoma pomwe aliyense aziona. Wofuna kusintha kanthu ayambe wafunsa.

Manila ndapeza kale, yotsala pa mapu a jogalafe, kumbuyo kwake n'koyera. Chikusowa ndi maka. Amene ali nayo andipeze Lachisanu pa buleki, pakhomo la Fomu 2.